Envelopu Imene Ndinasomeka Kudenga

Njinga yamoto inaima pabwalo panga, mkazi wanga ali kumbuyo. Dzanja lake limodzi linagwira envelopu ya khaki, linalo linali paphewa la mwamuna woyendetsayo. Anatsika akuseka. Ine ndinali pakhonde ndikukhomera khasu mumpini. Envelopuyo sindinailabadire. Maso anga anakakamira pa dzanja la paphewalo.

Inu owerenga, kulakwa kwanga kunayambira pamenepo. Ndinatayitsa munda wa mkazi wanga chifukwa cha nsanje. Sindine munthu wa mawu ambiri, ndipo sukulu ndinalekezera Sitandade 6, koma ndalemba izi kuti wina asadzapuse monga ndinapusira ine.

Ndimakhala chikamwini kufupi ndi Matandani, kuno ku Neno. Mkazi wanga ndi Nasoko, ndipo tili ndi ana atatu. Kumunsi kwa mudzi, m'mbali mwa kamtsinje, kuli munda wa manachesi umene bambo ake anadzala iye ali kamtsikana. Mundawo ndi umene unkatisunga. Manachesi akapsa ogula ankabwera okha ndi madengu, ana athu ankapita kusukulu atavala nsapato. Ine ndinaulimira, kuudulira ndi kuthira manyowa zaka khumi ndi ziwiri. Koma sunali wanga. Mkamwini sakhala ndi munda, amangobwereka.

Msuweni wa Nasoko, dzina lake Layitoni, atabwera kuchokera ku Joni anayamba kunena kuti malowo anaswa mphanje ndi bambo ake a iyeyo, osati bambo a Nasoko. Nkhani inakanika kumudzi, inakafika kukhoti ku boma. Nasoko anafuna kukaima yekha poti munda ndi wakwawo. Ine ndinakana. Ndinati mwamuna ali moyo mkazi sakaima pamaso pa woweruza. Layitoni naye anasumira ine, chifukwa ndine ndinamuthamangitsa m'mundamo ndi chikwanje. Choncho mlandu unalembedwa m'dzina langa, ndipo pepala lililonse lofuna kusaina, wosaina ndinali ine.

Tinaluza. Mboni yathu yeniyeni, azakhali a Nasoko amene ankadziwa malire, anali atagonekedwa m'chipatala sabata imeneyo. Ine sindinadziwe kuti munthu amatha kupempha kuti mlandu udikire. Layitoni anabwera ndi mboni ziwiri. Chigamulo chinaperekedwa Lachinayi, ndipo anatipatsa mwezi umodzi kuti tichoke m'mundamo. Woweruza anamaliza ndi mawu akuti amene sanakhutire ali ndi masiku khumi ndi anayi ochita apilo kukhoti lalikulu ku Blantyre. Ndinamva bwinobwino. Sindinganame kuti sanatiuze.

Tsopano za mwini njinga uja. Ndi a Mhango, a zaumoyo, ochokera kumpoto. Boma linawatumiza kwathu kuno, ndipo ankachita lendi kanyumba ka malata kuseri kwa tchalitchi. Banja anali atalisiya kwawo. Munthu wa malaya ositasita, wa nsapato zowala ngakhale nthawi ya matope. Akamalankhula pamjigo amayi ankaiwala kuti ndowa zadzaza. Nasoko ankakawagulitsa masamba ndi mazira, ndipo kwa ine ankaoneka kuti akuchedwa kubwerako. M'nyumba mwanga munayamba kumveka mawu amodzimodzi. A Mhango akuti madzi tiziwiritsa. A Mhango akuti mwanayu ali ndi njoka za m'mimba. Ine ndikanena chinthu pankafunika umboni. A Mhango akanena linali lamulo.

Sindinawapezepo pamalo obisika. Sindinamvepo mphekesera. Koma zaka zonse zimene takhala, Nasoko sanasekepo ndi ine monga ankasekera ndi munthu ameneyo. Tsiku lina ndinabwereka simbi ya makala kuti nanenso ndisite malaya. Ndinawawotcha pamsana. Nasoko atawaona anandifunsa ngati ndagona pamoto. Ndinawaponya kuseri kwa nkhokwe.

Tsiku la njinga lija linali Lachiwiri, patapita masiku asanu chigamulo chiperekedwere. Ine ndinali nditalawirira kumunda. Nasoko anamva kuti a Mhango akupita ku boma kukatenga mankhwala, ndiye anawapempha kuti amutengeko akatenge pepala la chigamulo. Kalaliki anamupatsa, n'kumusainitsa m'buku kuti walandira m'malo mwa ine. Anamupatsanso fomu ya apilo. Poti zonse zinali m'Chingerezi, a Mhango anamuwerengera ndi kulemba ndi pensulo pofunika kulemba. Chotsala chinali dzina langa basi.

"Bambo a Tadala, ndatenga mapepala aja," anatero Nasoko. "A Mhango akuti musaine, mawa kapena mkuja tikapereke."

"Wakutuma ndani?"

"Masiku akutha."

"Ndati wakutuma ndani kukwera chimenechi?"

A Mhango anavula chipewa cha njinga. "Pepani achimwene, ndikanayamba ndakupemphani. Koma masikuwa anayamba kale kuwerengedwa. Lachinayi la sabata yamawa ndiye lomaliza."

"Adokotala, pitani mukakweze ana pasikelo. Za kukhoti tisiyireni."

Analiza njinga n'kumapita. Nasoko anaiperekeza ndi maso mpaka inakhota. Mwina ankangoyang'ana msewu, sindikudziwa. Ine ndinaona kuperekeza.

Anandipatsa envelopuyo m'manja atagwada. Ndinailandira ndi zala ziwiri, ndinalowa m'nyumba, n'kuisomeka kudenga pakati pa udzu ndi phaso. Sindinaitsegule.

Madzulo ake pabawo anzanga anali atamva kale. Wina anati, "Akulu, mlamu akuyendera petulo masiku ano, eti? Ife athu akadali apansi." Onse anaseka. Anali macheza chabe, koma ine ndinakokolola njere zanga n'kubwerera kunyumba.

Ndinali ndi kawerengedwe kangakanga. Kumudzi kuno akakuitana kubwalo, tsiku limayamba pamene mthenga wakupeza. Sangakuimbe mlandu wokana kubwera uthenga usanakufike. Ndiye ndinati ndi boma lomwe n'chimodzimodzi, masiku amayamba pepala likafika pakhomo. Chachiwiri, ife timapemphera Loweruka. Pa Sabata sitigwira khasu, sitiyenda ulendo wa ntchito. Lamulungu nalo maofesi amakhala otseka. Ndinati boma lingawerenge bwanji tsiku limene ilo lomwe lagona? Ndinatenga khala n'kuyamba kulemba timizere pakhoma la kuseri, kuyambira Lachitatu, kudumpha Loweruka ndi Lamulungu. Mwa kawerengedwe kameneko ndinali ndi masabata pafupifupi atatu.

Kunena zoona, inu owerenga, ndikanatha kupita mawa lake lomwe. Panalibe chondiletsa. Mvula inali itadukiza, msewu unali wopitika, thupi linali bwino. Ndinakhala dala. Ndinkafuna tsiku la a Mhango lidutse, ine ndipite pa tsiku langa, apilo ilandiridwe, ndibwere ndidzamuuze Nasoko kuti waona, mphunzitsi wako uja sadziwa kanthu. Ndinaika munda wa eni pa juga kuti ndigonjetse munthu amene sankadziwa n'komwe kuti tikulimbana.

Nasoko ankandikumbutsa m'mawa uliwonse. Akangoyamba kuti "A Mhango akuti", ine ndinkanyamula khasu. Atazindikira anasiya kutchula dzinalo, n'kumati "Ndamva kuti". Ndinkadziwabe kumene wamvako. Anatuma alongo ake kuti adzandilankhule, ndinawabweza. Nasoko anafuna kutsitsa envelopu akapereke yekha. Ndinamuuza kuti popanda dzina langa limenelo ndi pepala lokulungira usipa. Zinali zoona, ndipo analira.

Lachinayi lomaliza lija njinga inabweranso dzuwa lisanatenthe. A Mhango anali atapempha kuti achokeko kuntchito theka la tsiku. Anaima kunja kwa mpanda, sanalowe.

"Achimwene, lero ndi lero. Kwerani tikafike isanakwane teni. Za mafuta musadandaule."

Mawu a mafutawo anandilasa. Nditacheuka ndinaona Nasoko ali pakhomo, atanditulutsira kale jekete ndi nsapato za kutchalitchi. Ndinadziwa kuti anapangana.

"Mpando umenewo uli ndi mwini wake," ndinatero. "Ine sindikwanapo."

Nasoko anagwetsa nsapato. "Bambo a Tadala, ndi munda wa bambo anga. Mudzandinyoze madzulo, koma pitani."

A Mhango anazula makiyi n'kutambasula dzanja pamwamba pa mpanda. "Ngati vuto ndi ine, tengani. Pezani wina akuyendetseni, ine ndibwerera wapansi."

Ndinawalambalala onse awiri n'kutsikira kumunda. Tsiku limenelo ndinalimira manachesi mpaka dzuwa kupendeka, ngati kuti palibe chimene chikuchitika.

Timizere pakhoma titakwana khumi ndi titatu, Lachisanu lina, ndinati ndipite lisanafike tsiku lomaliza. Ndinkadziona wochenjera kuti ndafulumira. Envelopu ndinaisiya pomwepo kudenga. Ndinati ndikapempha mapepala angaanga, osapakidwa pensulo ya munthu. Ndinayenda wapansi mpaka ku boma kuti wina asadzanene kuti ndinakwera njinga.

Kalaliki anali mayi wachikulire wa magalasi. Anafunsa dzina langa, anatsegula fayilo, kenako anatembenukira kalendala ya pakhoma n'kuyamba kugogoda ndi cholembera. Ndinaona cholembera chikugunda Loweruka. Chinagundanso Lamulungu. Ndinati mayi, amenewo musawerenge. Anandiyang'anira pamwamba pa magalasi.

"Bambo, kwanu dzuwa silituluka pa Sabata? Masiku khumi ndi anayi ndi masiku khumi ndi anayi. Mwachedwa ndi masiku asanu ndi atatu."

Ndinati nanga pepala, masiku sayambira pamene lafika? Anandifotokozera modekha. Anati pa mlandu ngati wangawu, umene chigamulo chinawerengedwa ine ndili pomwepo, kuwerenga kumayamba tsiku lotsatira, pepala likhale lafika kapena ayi. Anati tsiku lomaliza likagwera pamene ofesi yatseka, ndi pokhapo amakankhira ku tsiku lotsegula. Zonse zimene a Mhango ananena mayiyo anazibwereza ngati anakumana panjira.

Ndikuchita manyazi kulemba izi. Pobwerera, chimene chinkandiwawa sichinali munda. Chinkandiwawa chinali chakuti munthu uja wakhoza, ndipo Nasoko adziwa.

Nasoko ndinamupeza akupeta pabwalo. Anafunsa ngati alandira. Ndinati akuti tachedwa. Anaika lichero pansi, anatenga chisanza, anachiviika m'madzi, n'kupita kuseri kukafufuta timizere tanga tonse. Sanatchule dzina la a Mhango. Ine ndinalimva.

Mwezi utakwana Layitoni anatchinga njira ya kumunda ndi minga.

Mwayi umodzi unali utatsala, ndipo kalaliki uja ndi amene anandiuza. Munthu amatha kupempha khoti lalikulu kuti limulole kuchita apilo nthawi itadutsa. Pamafunika kalata yolumbira yofotokoza chimene chinamuchedwetsa. Anandilozera bambo wina wa bungwe lothandiza anthu pa zamalamulo. Bamboyo atamva za azakhali amene sanaperekepo umboni anati apilo yathu ili ndi mphamvu. Kenako anandifunsa chimene chinandichedwetsa. Kodi ndinadwala? Kodi kunagwa maliro?

Ndikanangoti ndinawerenga molakwa. Ndikanati ndine munthu wosaphunzira, ndinadumpha Sabata. Koma ndinkaopa funso lotsatira, lakuti panalibe amene anakuuzani? Kuyankha limenelo kunali kutchula dzina la munthu uja ndi pakamwa panga, ndi kuvomera kuti iye anakhoza. Ndinati pepala la chigamulo sindinalandire, ndinkalidikira. Mumtima ndinkadzinamiza kuti si bodza. Sindinatsegule, sindinawerenge, ndiye chinthu chobwera pa njinga ija sichinandifike. Bamboyo analemba momwemo. Ndinakweza dzanja, ndinalumbira, ndinasaina. Nasoko sindinamuuze zimene ndalumbira.

Patapita miyezi anatiitana ku Blantyre. Tinakwera minibasi ine ndi Nasoko, iye kuwindo, ine pambali pake. Sanatilowetse m'bwalo lalikulu, anatilowetsa m'chipinda cha jaji. Layitoni anali atapeza loya. Loyayo sanalankhule zambiri. Anangotulutsa fotokope ya tsamba la buku lija la ku boma. Panali tsiku, panali chidindo, panalinso dzina la mkazi wanga lolembedwa ndi dzanja lake, zilembo zikuluzikulu zopendekeka.

Jaji anafunsa ngati mwini dzinalo alipo. Nasoko anaimirira. Womasulira anamuuza zimene ine ndinalumbira, kenako anamufunsa ngati analandiradi pepalalo. Anati inde. Anamufunsa ngati anapatsa mwamuna wake.

Nasoko anandiyang'ana. Akanati ayi, akanati ndinaliiwala m'chikwama, mwina munda ukanapulumuka, munda wake womwe. Ine ndinamuyang'ana ndi maso omupempha kuti aname. Koma Nasoko sanama. Ngakhale dzira likhale la dzana, amamuuza wogula kuti ndi la dzana.

"Ndinawapatsa m'manja tsiku lomwelo," anatero. "Lili kudenga kwathu mpaka lero."

Jaji sanakalipe. Anati masiku asanu ndi atatu si ochuluka, ndipo munthu wobwera ndi chifukwa choona khoti limamumvera. Koma wobwera ndi lumbiro labodza asayembekezere chifundo. Anawonjezera kuti ndiyamike kuti sakunditsegulira mlandu wina pa bodzalo. Pempho linakanidwa. Zonsezi sizinathe ngakhale ola limodzi.

Titatuluka, bambo wa bungwe uja anapukusa mutu. "Mukanandiuza zoona, bambo, bwenzi tikutuluka muno ndi chilolezo." Layitoni anatidutsa akulankhula pafoni, akuseka.

Kumudzi amalume a Nasoko anandiitana. Ndinkayembekezera kuti andiuza ndimange katundu, poti mkamwini wotayitsa munda wa eni alibe poimira. Anandiuza kuti anandibwereka malo oti ndilime, osati oti ndiyesere mphamvu zanga. Kenako anafunsa Nasoko ngati akundifunabe. Iye anati ana ali ndi bambo mmodzi, akhale. Ndinatsala. Masiku ano ndimalima maganyu m'minda ya anthu, ndipo nsapato za ana zikang'ambika ndimasoka ndekha. Kuseka kuja ndinkachitira nsanje kunatheratu. Nasoko saseka ndi ine, sasekanso ndi munthu wina aliyense.

A Mhango anawasamutsira ku Chifunga chaka chomwecho. Asanapite, akazi awo anabwera kudzawathandiza kulongedza, mayi wansangala wa ana anayi, ndipo anadzatsanzika kwa Nasoko ndi chitenje cha mphatso. Palibe chimene ndinapeza, nthawi imeneyo kapena pambuyo pake. Komabe sindikubisirani. Mpaka lero njinga yamoto ikalira kumsewu, ndimayamba ndayang'ana nkhope ya mkazi wanga. Matendawa sanandithere.

Inu owerenga, mukaluza mlandu ndipo mukufuna apilo, musatuluke pachipata cha khoti musanafunse kalaliki kuti tsiku lomaliza ndi liti. Akulembereni papepala. Milandu imasiyana masiku, musatengere wa mnzanu, musatengerenso wangawu. Musakhale pakhomo kudikira pepala, ndipo Loweruka ndi Lamulungu musawadumphe. Wa m'nyumba mwanu akasaina kuti walandira, dziwani kuti buku lidzanena kuti pepala linafika kwanu, mutsegule kapena musatsegule. Mukachedwa, nenani chimene chakuchedwetsani, ngakhale chikhale chochititsa manyazi. Ndipo amuna anzanga, nzeru ikabwera ndi munthu amene mukumuda, landirani nzeruyo kaye. Kumuda mudzapitiriza mawa.

Nyengo ya manachesi yapitayi mwana wathu woyamba, Tadala, anagonekedwa m'chipatala ku boma ndi malungo. Ankakana chakudya chilichonse, ankangoti akufuna nachesi. Ine ndi mayi ake tinatsikira kumsika. Ogulitsa anali ambiri, milu mbali zonse. Nasoko anawadutsa onse n'kukaima pa mulu wa mkazi wa Layitoni. Ndinamukoka chitenje kuti tipite kwina.

"Awa ndi a mitengo ya kumtsinje ija," anatero. "Mwana anazolowera amenewa."

Anasankha, anamasula mfundo ya chitenje, analipira. Mkazi wa Layitoni anawonjezerapo limodzi laulere, osamuyang'ana kumaso. Nasoko analisenda pomwepo, analigawa pakati, n'kunditambasulira theka.

"Idyani, bambo a Tadala. Manyowa munathira ndinu."

Sananene mwachipongwe. Akanati anene mwachipongwe zikanapepukako. Ndinatembenuka, ndinadutsa pakati pa ogulitsa tomato, n'kumapita.